Guendolen Inanyamuka Anthu Ali Chitsinzinire

Rapson anali namwino pa chipatala chachikulu cha ku Bordesley Green, koma kutchalitchi ankadziwika ndi zina: bambo uja womanga sitima patebulo lodyera. Mumzinda wa Birmingham ku Mangalande, kumene nyanja amangoiona pa TV, iye anasankha kukonda sitima zankhondo zakale. Mkazi wake Helen anadandaula mpaka anatopa, banja n'kuzolowera kudyera pamiyendo.

Sitima yake sinali yongogula m'katoni ayi. Inali Guendolen, ija ya atsamunda imene inawombera sitima ya Majeremani ili pamtunda ku Liuli nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Rapson anakulira ku Mangochi, ndipo mfuti ya sitimayo, yomwe anaiika pafupi ndi wotchi ya pa Boma, ankaikwera ali mwana ngati bulu. Tsopano anaimanga yonse kuchokera pa zithunzi zakale, yotalika ngati mkono wake: chumuni chautsi, mulu wa nkhuni zosonkhezera moto, ndi kamfuti kamkuwa kutsogolo. M'mimba mwake anabisamo kainjini ka mabatire.

Vuto linali limodzi, ndipo linkamudya mumtima. Sitimayo inalemera kumwamba. Ataiyesa m'bafa inapendekera mbali ngati munthu wochokera kumowa. Anaika mtovu pansi, inawongoka. Koma m'bafa mulibe mphepo, ndipo padziwe sitima yotere ikagudubuka imapita pansi osabwereranso. James, mzungu wokalamba wa kalabu ya anthu oyendetsa tisitima pa dziwe lina kufupi ndi Longbridge, anamuuza kuti abwere Loweruka m'mawa, kulibe anthu ambiri. Rapson anakondwa. Ikamira, imire mwaulemu, mboni ili imodzi.

Cholakwa chake chinali kuuza Helen.

Atafika ku park anapeza galimoto za anzawo a kutchalitchi cha ku Oldbury zitadzaza kale. Amayi anayala zitenje paudzu, mandasi ndi samusa zili m'mabeseni. Isabel, mwana wa Rapson ndi Helen, amene anali atangoyamba ntchito m'tauni, anaimirira ndi foni m'manja.

"Mayi a Isabel, ichi n'chiyani?" anafunsa Rapson chapansipansi.

"Ndinangoika pa group ya amayi basi," anatero Helen, osaoneka ngati wolakwa. "Chinthu mwavutika nacho ma weekend onse aja, mufuna chikalowe m'madzi ngati chakuba? Ma off anga ndasinthitsa chifukwa cha inu."

"Nanga ikamira?"

"Ikamira tidya mandasi."

Isabel anaseka. "You'll be fine, Dad. Probably."

Azibambo a kalabu aja anaima potero ndi mafulasiki awo a tiyi, akuyang'ana khamulo mwaulemu wa anthu amene sakudziwa ngati ndi ukwati kapena maliro. Rapson anachita manyazi, komanso mantha enieni. Anaganiza zonena kuti batire latha. Koma a Levison, mkulu wa mpingo, anali atayamba kale kuitana anthu kuti asendere kufupi, ndipo a Levison akayamba mwambo sabwerera m'mbuyo.

Rapson anagwada m'mphepete mwa dziwe. Kamphepo kankawomba cham'mbali, kamene ankakaopa kaja. Anaika Guendolen pamadzi pang'onopang'ono, anayatsa injini kuti izingozungulira pang'ono, dzanja lamanja litagwira kumbuyo kwa sitima. Anaimva ikukoka m'zala zake. Rimoti, chowongolera sitimayo patali, inali lende pakhosi. Chinatsala n'kutsegula dzanja basi, koma dzanjalo linkakana.

"Abale, chinthu chatsopano sichiyamba ulendo chopanda pemphero," anatero a Levison. "Tipemphere."

Munthu woleredwa m'tchalitchi saganiza akamva mawu amenewo. Dzanja lamanja la Rapson linapita lokha kumutu kukavula chipewa, maso n'kutsinzina.

A Levison si munthu wa pemphero lalifupi. Anayambira pa chingalawa cha Nowa, anadzera kwa Yona, anakumbukira odwala a m'mawodi, a ma night shift, ana amene akulemba mayeso, ndi mvula ya kumudzi. Rapson anazindikira a Levison ali pakati pa Yona kuti m'dzanja lake muli chipewa, osati sitima. Anatchera khutu kuti amve ngati china chake chikumira, koma ankangomva abakha ndi "Inde, Ambuye" wa amayi. Maso sanatsegule. Mwina unali ulemu, mwina mantha; iye mwini sakanatha kusiyanitsa.

"Amen."

Pamene anaika sitima panalibe kanthu, madzi okhaokha. Anakweza maso. Guendolen inali pakati pa dziwe, chilili bwinobwino, ikudula timafunde, kamfuti kake kakunyezimira. Mphepo inkaikankha, iyo n'kupendeka pang'ono, n'kudzukanso yokha.

Amayi anaimba nthungululu mpaka abakha anabalalika. Helen anagwira Rapson paphewa, akuseka ndi misozi m'maso. "Mwaona? Ndiye mumafuna muone nokha zimenezi?"

"Sindinaone n'komwe," anatero Rapson. Anatembenukira kwa mwana wake. "Isabel, wajambula pamene imanyamuka?"

"I had my eyes shut, Dad. You taught me that."

Anthu onse a mpingo aja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona. Rapson anagwira chowongolera, anakhotetsa sitima kumanzere, ndipo inamvera. Chimwemwe chinamudzaza, ngakhale kuti kamtima kankawawa pang'ono chifukwa cha mphindi imene anaidikira nthawi yonseyi n'kuiphonya.

James anabwera pang'onopang'ono nadzaima pambali pake. Nayenso chipewa chinali m'manja, koma iye anali asanaphunzitsidwe zotsinzina. Rapson anamufunsa m'Chingerezi kuti inanyamuka bwanji.

James anati inangochoka mowongoka, mosathamanga, ndipo mphepo itaimenya koyamba inagona mbali mpaka madzi anafika m'mphepete mwa deki, moti iye anayamba kuvula nsapato kuti alowe m'madzi. Kenaka inadzuka.

Rapson anayang'ana pansi. Nsapato imodzi ya James inalidi paudzu, ndipo mkuluyo anaponda matope ndi sokosi.

"Bwino kuti ndinatsinzina," anatero Rapson kwa Helen. "Ndikanaona zimenezo, bwenzi pano mukundivuula ine."