Kakhalidwe ka a Chidendene

Amuna anga ndi wosoka nsapato. Mumsewu wathu wonse amawatchula kuti a Chidendene, ndipo akamva dzinalo amakweza nyundo m'mwamba m'malo moyankha moni. Koma chaka chathachi nyundoyo inagona m'bokosi. Fupa la m'chiuno, mbali ya kumanja, linali litadyeka, moti akati akhale pa kampando kawo kantchito ankachita kubuula ngati ng'ombe. Kudzuka ndiye musanene. Makasitomala anayamba kupita kwa wosoka wina kuseri kwa msika, abambo n'kumangokhala pakhonde, maso ali pa mapazi a anthu odutsa. "Soli imeneyo sichedwa kumatuka," ankatero okhaokha. Mtima unkandiwawa ine.

Ndiye tsiku limene kuchipatala anatiuza kuti atha kuwaika chiuno chatsopano, ndinawomba m'manja mpaka anesi anasuzumira. Adokotala ake anali mayi wamtali, wolankhula mofulumira. Anatulutsa m'dirowa kampira kachitsulo ndi kakapu kake, n'kutionetsa.

"Kampiraka kalowa m'malo mwa mutu wa fupa, kakapuka tikamangirira m'chiuno," anatero adokotala. "Nkhani yagona pa kapendekedwe ka kakapuka. Munthu akaima, chiuno chimapendeka mwina. Akakhala pansi, chimapendeka mwina, ndipo aliyense ndi mwake. Tikapendeketsa molakwika, kampira kamaguluka. Ndiye mubwere mawa tidzakujambuleni. Ndikufuna ndione bwinobwino kakhalidwe kanu."

Abale, pa mawu onsewo amuna anga anatolapo limodzi lokha, lomalizalo.

Titafika kunyumba anatulutsa suti ya paukwati wa mwana wathu, ati ndiisite. "Mwamva nokha, mayi, akufuna kakhalidwe. Zitsulo zimenezi sapatsa munthu wamba. Mawa musakatchule zoti kale ndinkamwa, kapena zija ndinatukwanizana ndi eni nyumba."

"Inu abambo, akunena kukhala kwa pampando!"

"Za chipatala mukuzidziwira kuti inu?"

Ndinaseka mpaka misozi, n'kuwasitira sutiyo. Ndimati akakaona makina azindikira okha.

Kutacha tinapita. Chitseko cha chipinda chojambulira chisanatsekedwe ndinawaona atakhala pa mpando wautali, msana uli njo, mawondo pamodzi, manja pantchafu, ngati mwana wasukulu amene wamva kuti ahedi akudutsa. Chikwatiranireni sindinawaonepo atakhala motero. Atatuluka tinalowa kwa adokotala, zithunzi zili pagalasi lowala.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?" anafunsa adokotala.

"Ndili ndi kabizinesi ka za nsapato. Ndimangoyang'anira."

"Mumakhala pa mpando wotani?"

"Wabwinobwino, ngati uwu."

"Simuwerama kwambiri?"

"Ine? Ayi ndithu. Sindimwa, sindisuta, mkazi ndi yemweyu."

Adokotala anangomwetulira, kuyesa kuti mdalayo ndi wanthabwala. "Chabwino. Kakapu tikaika mogwirizana ndi zithunzizi. Koma mipando yaifupi muiwale, ndipo musadzawerame mpaka chifuwa kukhudza mawondo. Mukadzatero kampira kadzaguluka, ndipo ululu wake si wamasewera."

Apo kuseka kunandithera. Munthu ameneyu moyo wake wonse ndi wowerama pa kampando kosafika ndi m'mawondo momwe! Akamuika chiuno cha munthu wa mu ofesi, ndiye kuti nyundo ija yagoneratu. Ndipo poti ndimawadziwa amuna anga, akanadzabwerera pa kampandoko mobisa, chitsulo n'kuguluka tsiku lomwelo.

"Bodza!" ndinakuwa. "Adokotala, bodza lenileni! Amayang'anira ndani? Ntchentche?"

"Mayi!" abambo anandikodola ndi chigongono, maso ali psu.

"Musandikodole ine! Manyazi anapha lambe. Adokotala, musalembe kalikonse, ndikubwera."

Kuchokera kuchipatala kufika ku kashopu kathu si patali kwa munthu wokwiya. Ndinathamanga liwiro la mtondo wadooka. Ndinatsegula loko, n'kukoka kampando kaja kali fumbi lokhalokha, pakati pake pali polowa chifukwa cha kukhalidwa, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Ndinatolanso nyundo ndi nsapato imodzi yakale imene mwini wake sanabwere kudzatenga. Pobwerera, ndili pakati pa msewu, lamba wa nsapato yanga anangoti phwa! Ndinaivula, n'kuiponya m'chikwama, n'kupitirira phazi limodzi lili pansi.

Pageti mlonda anandiimitsa. "Mayi, muno sagulitsamo mipando."

"Achimwene, uwu si mpando, ndi umboni. Patukani!"

Anapatuka, kukamwa kuli yasa.

Ndinakapeza abambo ali ndwii, tayi atamumasula. Kampandoko ndinakaika pakati pa chipinda, pa simenti yonyezimira, ndipo kunena zoona kanaoneka konyansa. Abambo anayang'ana kumbali.

"Mwandivula, mayi," anatero chapansipansi. Kenako anatembenukira kwa adokotala. "Ndine wosoka nsapato, mayi dokotala. Ndimaopa kuti mukadziwa, munena kuti chitsulocho chipite kwa munthu wofunika."

Mkwiyo wanga wonse unasungunuka pomwepo. Ndinawamvera chisoni.

Koma adokotala anali atadzuka kale, akuzungulira kampandoko ngati aona galimoto yatsopano. "Mumakhala apa? Tsiku lonse? Bambo inu, zimenezi ndi zimene ndimafuna! Kakhalidwe ndimanena kameneka. Takhalani, pang'onopang'ono, tikugwirani."

Tinawagwira uku ndi uku mpaka anafika pansi, akukukuta mano. Ndinawapatsa nsapato ija ndi nyundo, ndipo thupi linakumbuka lokha. Mawondo anakwera, nsapato inapanikizika pakati pa ntchafu, msana unapindika, mutu unatsika. Kenako anapotokola chiuno kumanja, dzanja n'kupita kumbuyo kufuna misomali pamene bokosi limakhala.

"Imani pomwepo!" anafuula adokotala. "Mumapotokola chonchi kangati?"

"Msomali uliwonse," ndinayankha ine.

"Mayo! Kampira kakanagulukira pamenepa. Anesi, itanani ojambula, tiyambirenso. Kampandoka kalowe nawo."

Mukanaona inu! A Chidendene mu suti ya ukwati, atakhala pa kampando ka waya kutsogolo kwa makina aakulu, nsapato ya eni ake ili pakati pa miyendo. Ojambula ankaseka, anesi ankaseka, mapeto ake nawonso anaseka.

Zithunzi zatsopano zitatuluka, adokotala anaziika pambali pa zoyamba zija. Ngakhale ine wosaphunzira za mafupa ndinaona kuti ndi anthu awiri osiyana. Anatenga kakapu kaja n'kukapendeketsa pang'ono ndi zala.

"Ndikaika chonchi, kuti muziwerama popanda vuto. Koma tigawane ntchito. Ine ndikonza chiuno, inu mukonze shopu. Kampandoka katalike, mawondo asamapitirire chiuno. Bokosi la misomali libwere kutsogolo, kupotokola kuthe. Tagwirizana?"

"Ndiye kuti ndidzasokanso?" anafunsa abambo.

"Nanga nsapato zangazi adzasoka ndani?" anayankha adokotala.

Opaleshoni inayenda bwino. Zimene zinatsatira ndiye zinandiyeretsa imvi: pilo pakati pa miyendo pogona, ndodo ziwiri, kenako imodzi, ine kukhalira kukuwa kuti "Musapingase miyendo!" mpaka ana a aneba anayamba kundiyeserera. Mlamu wanga kalipentala anachotsa miyendo ya kampando kaja n'kuika yaitali, koma thabwa lokhalira abambo anakana kuti lisinthidwe. Ati limawadziwa.

Nsapato yanga yoduka ija inakhala m'chikwama nthawi yonseyi. Mwana wathu wamkazi ankati, "Amayi, bwanji osakasoketsa kuseri kwa msika?" Ndinkamuyankha kuti asamale zake.

Tsiku limene adokotala analoleza, tinatsegula shopu m'mawa. Abambo anayenda okha, opanda ndodo, osatsimphina. Anaima kutsogolo kwa kampando, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kanawakhudza, n'kutsika pang'onopang'ono. Ine mpweya ndinaugwira. Anakhala, anawerama, anatambasula dzanja kutsogolo n'kutola msomali. Palibe chinaguluka, palibe anabuula.

"A Chidendene!" anakuwa wogulitsa nyuzipepala kutsidya kwa msewu. "Mwabwera?"

Nyundo inakwera m'mwamba. Ndinalulutira ine, anthu mpaka anaima.

Kenako abambo anayang'ana pashelefu pali mbee, popanda ndi nsapato imodzi yomwe, nkhope n'kugwa pang'ono. "Makasitomala onse anapita, mayi."

Ndinatsegula chikwama, n'kuika nsapato yanga pamawondo pawo. Anaitembenuza, n'kuona lamba woduka.

"Iyi inaduka liti?"

"Tsiku lija ndinathamangira kampando kanu."

"Ndiye nthawi yonseyi osasoketsa?"

"Ndimadikira wosoka wanga."

Anatenga singano, koma ulusi unakana kulowa, chifukwa maso anali atadzaza madzi. Ndinawalanda, n'kuwalowetsera, n'kuvula nsapato imodzi mwa zimene ndinavala, n'kukhala pambali pawo phazi limodzi lili pansi, kudikira nsapato yanga.