Mango M'munda wa Mpunga

Anthu oyeza malo anabwera mu Okutobala, dambo lathu la kwa Mwambo litauma gwa. Anakhoma zikhomo zofiira kudutsa pakati pa munda wa mpunga wa mng'ono wanga Dailesi, n'kunena kuti pamenepo padzadutsa njanji ya sitima yaliwiro yopita ku Zomba. Tisanafunse zambiri, galimoto yawo inali itatisiyira fumbi.

Anthu anakangana za sitimayo mpaka malovu kuuma. Ena ankati nsomba za makumba za ku Chilwa zizikafika m'tauni zikadali kuphiriphitha. Ena ankafunsa kuti Zomba wake uti, tauni yoti wakabaza amaizungulira yonse osatuluka thukuta. Ine ndinali mbali ya achiwiriwa. Sitima yothamanga chotero ingaime kuno kudikira dengu la nsomba?

Amuna ake a Dailesi, a Wilisoni, analibe nazo ntchito zoti sitima idzaima kapena ayi. Iwo anamva ku Songani kuti malo akamatengedwa, chipukuta misozi cha mitengo ya zipatso chimaposa cha mpunga kutalitali. Alamu angawa ndi okoma pakamwa, akhoza kukugulitsa madzi uli m'bwato. Munda ndi wa Dailesi, anamusiyira mayi athu, iwo ndi mkamwini chabe, koma anamunyengerera mpaka anavomera. Anatenga mbewu yonse ya mpunga wa Kilombero imene anasungira kufesa ku nazale, n'kukasinthanitsa ndi timitengo ta mango.

Asanakasinthanitse, ndinamuuza Dailesi kuti mango sabzalidwa m'dambo, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Iye anati oyeza aja analonjeza kudzaona za m'minda mvula isanagwe, ndiye timitengoto tingofunika kukhala tamoyo mpaka tsikulo. Ndinamuchonderera kuti asungeko ngakhale kandowa kamodzi ka mbewu. Anandiyankha kuti a Wilisoni akuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinapsa mtima, ndipo kwawo ndinasiya kupondako.

Ife tinafesa nazale zathu mu Disembala, iwo ali kalikiliki kuthirira mango. Mvula inabwera, oyeza osabwera. Mu Januwale madzi anadzaza dambo monga amachitira chaka ndi chaka, timitengo tija n'kumira. A Wilisoni ankakhalira m'matope tsiku lonse, kuunjikira dothi kamtengo kalikonse ndi manja, madzi n'kumakokolola iwo akuona. Masamba anachita chikasu, kenaka anada. Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinkafuna.

Nkhani tinaimva pa wailesi tikumaliza kuwokera. Akuti akatswiri apeza kuti Zomba ndi mzinda waung'ono, okwera sitimayo angakhale ochepa, choncho njanji sidzamangidwa. Ndi zimene ndinkanena ine zija, koma sizinandikomere m'pang'ono pomwe. A Wilisoni atamva analowa m'nyumba, osatulukanso mpaka dzuwa kulowa.

Dailesi anayenda mudzi wonse kupempha mbande za mpunga zotsala. Aliyense anali atawokera kale. Zanga zotsala pa nazale zinali zitakalamba, zoti ukawokera zimangobereka mankhusu. Ndinamupatsa zomwezo, poti kunalibe zina, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukamuthandiza. Tinayamba tazula mango akufa aja n'kuwaunjika pamlambala wa munda. Mbande zinatithera titangowokera kangodya kamodzi. Kwina konseko kunali madzi okhaokha.

Dailesi anaweramuka, n'kudzigwira m'chiuno.

"Achemwali, zimenezi zibereka?"

Ndinati mwina, mvula ikapitirira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Tonse tinakulira mu mpunga, palibe wonamiza mnzake.

"Musanditonthoze," anatero. "Chimanga chatsala cha mwezi uno basi. Chikatha, Faith ndimutumiza kwanu. Ine ndi bambo ake tiziona mmene tichitire."

Faith ndi mwana wake yekhayo, ndipo chibadwire sanagonepo kutali ndi mayi ake. Ndinati abwere. Sindinamuuze kuti mpunga wanga, wa ine ndi ana anga okha, umatithera chaka chisanafike pakati.