Ulusi wa Eluby

Eluby wa ku Mauwa anaphunzira kusoka zigamba kwa masisitere a ku mishoni, ndipo chofunda chake chachikulu chinamudyera zaka zinayi. Malaya aliwonse amene mwamuna wake Silvesta ankang'amba m'munda wa fodya wa mzungu, iye ankadulapo polimba n'kulumikiza: kakhi apa, amizeremizere apo, kachigamba koyera ka malaya a ukwati pakati penipeni.

Silvesta atamwalira ndi chifuwa, abale ake anabwera kudzasudzula Eluby ndi kutenga katundu wa malemu, poti Silvesta anali mkamwini pamudzipo. Anatenga khasu, nkhwangwa, ngakhale chipewa chobooka. Kenako a Gertrude, mlongo wa malemu amene sanabwere n'kamodzi komwe kudzazonda matenda, anasisita chofunda chija chili pachingwe.

"Izi ndi zovala za achimwene. Nazonso zipita kwathu."

"Alamu, ndinasoka ndine," anatero Eluby.

"Nanga nsaluzo n'zayani?"

Amuna onse anangowerama. Eluby anayanula chofundacho, n'kukhala pakhonde ndi singano. Anayamba kumasula msoko umodziumodzi, osadula, uku akukulunga ulusi pachitsononkho. Alendowo anadikira masiku awiri athunthu.

Eluby atatha, anaunjika nsanzazo m'lichero n'kukazitula pamapazi pa a Gertrude.

"Za achimwene anu ndi izi. Kwa ine zinkabwera chonchi."

Ulusi uja anaumanga pansonga ya nsalu yake.

"Chimene chinkazigwira pamodzi n'changa."