Katumbu Pathebulo la Alendo

Osla Mouat anamupeza katumbuyo atafa m'mbali mwa msewu wopita kudoko, ubweya utauma gwa ndi chisanu. Anamuzindikira asanatsike n'komwe m'galimoto. Madontho oyera a pakhosi aja anali atawajambula kambirimbiri.

Osla ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba pachilumba cha Yell. Tsiku lopuma likafika, ankakagona chafufumimba pandere zonyowa za m'gombe, kamera ataiveka sokosi yakale kuti isamveke pojambula, kudikira kuti madzi aphwe katumbu atuluke kukasaka. Sankamuyandikira, ndipo mphepo ikatembenuka n'kuyamba kunyamula fungo lake, ankakwawa chobwerera n'kumapita kwawo. Chaka chimenecho katumbuyo anali ndi mwana mmodzi, wosatha kudzigwirira nsomba.

Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti nyamayo inalibe chifukwa chowolokera msewu. Una wake unali kugombe, kamtsinje kosambamo kali komweko. Tsidya linalo kunali nyumba imodzi yokha, ya mlongo wake wamng'ono Lowrie, momwe ankagonekamo alendo. Osla anatsata timapazi pachipale chofewa chimene chinagwa dzulo lake. Tinakathera kuseri kwa nyumbayo, pa beseni lodzaza mitu ya nsomba, loikidwa bwinobwino moyang'anizana ndi zenera lalikulu.

Anabwerera kumsewu, nakulunga mtembowo m'jekete yake, n'kulowa m'nyumbamo osagogoda. Alendo awiri, bambo ndi mayi ochokera ku Germany, ankadya phala ndi mazira, makamera awo a milomo italiitali ali pampando. Osla anakankha mbale ya buledi n'kugoneka katumbuyo pambali pa tiyi.

"Jambulani," anatero. "Lero sathawa."

Mayi uja anagwira pakamwa. Lowrie anatulukira atanyamula poto, ndipo ataona chimene chinali pathebulo anamukokera mlongo wake kukhitchini.

"Achemwali, mitu yanu ikuyenda bwino koma? Pamaso pa anthu?"

"Unayamba liti kumudyetsa?"

Lowrie anayamba kuzungulira. Anati si iye anamugunda, ndi anthu othamangira sitima yapamadzi ya m'mawa, ndipo akatumbu amafa pamsewu chaka chilichonse. Anati alendo amachokera kutali, kumwamba n'kuphimba mitambo sabata yathunthu, kuwala kwamitundumitundu kwa kumpoto kumene amadzera kudzaona usiku osaoneka, ndiye iye aziwaonetsa chiyani, nkhosa? Si aliyense angagone m'ndere tsiku lonse ngati munthu wopanda kwawo. Komanso anthuwo chimawabweretsa n'chiyani ngati si zithunzi zomwe Osla yemweyo amaika pa intaneti?

Mawu omalizawa anamulasa Osla, ndipo mkwiyo unangowonjezeka.

"Ndakufunsa kuti unayamba liti, iwe."

"Khirisimasi isanafike."

"Nanga mwana ali kuti?"

Lowrie anaika poto pansi. Kenako ananena chapansipansi kuti masiku apitawa ankabwera onse awiri.

Onse awiri anatuluka kukafunafuna mwanayo. Mayi wa ku Germany uja anawatsatira kuti athandize, kamera ili m'khosi, ndipo Osla anamuuza kuti asankhe chimodzi, kuisiya kapena kubwerera nayo. Mayiyo anaisiya pakhonde. Anayenda gombe lonse, kusuzumira m'mapanga ndi pansi pa maboti ovundikira, mphepo ikuwamenya kumaso ndi matalala. Lowrie akayamba kulankhula, Osla ankamudula ndi dzanja, poti ankamvetsera kamluzu kamene ana a katumbu amaitanira amayi awo. Osla sankafuna n'kumuyang'ana komwe mlongo wakeyo. Lowrie wake yemweyu, amene ali mwana analirira mwanawankhosa wakufa mpaka kudwala, lero wasandutsa nyama yamtchire kukhala galu wa pakhomo kuti alendo ajambule akumwa khofi.

Nthawi ya chamadzulo isanayandikire n'komwe, mdima unayamba kugwa, poti m'nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga kumeneko. Ndi mlendo uja amene anamva kamluzuko, kakuchokera m'chipaipi chodutsa pansi pa msewu, pafupi ndi pamene make anafera. Osla anawalitsa tochi naona timaso tiwiri mkatikati. Anayamba kuvula chipewa kuti alowe, koma Lowrie anali atagwada kale m'madzi oundana.

"Lowa ndithu," anatero Osla. "Ndiwe unawaitana."

Lowrie anakwawira m'chipaipimo mpaka kungotsala nsapato. Kunamveka kulimbana, kenako kutukwana, ndipo anatuluka chobwerera atakumbatira kanyamako, magazi akuchucha m'golovesi. Kanali katamuluma chala chachikulu mpaka pafupa. Osla sananene pepa. Anakalandira, nakaika m'bokosi lonyamulira nsomba momwe anayalamo matawulo, n'kuimbira anthu osamalira nyama zamasiye kuchilumba chachikulu kuti akubwera pasitima yotsatira.

Lowrie anafika pagalimoto atamanga dzanja ndi mpango wa mlendo uja, napempha kuti amuperekeze, poti msewu unali woterera.

"Pita ukachotse beseni lako," anatero Osla, n'kutseka chitseko.

Kosamalira nyamako anamulandira bambo wina wachikulire wa ovololo. Anakaunika kanyamako nati n'kakakazi, kaonda koma kachira. Kakhala nawo pafupifupi chaka, kenako adzakakasiya kugombe lina lopanda msewu. Anafunsa ngati Osla angafune kudzakhalapo tsikulo ndi kamera yake. Osla anakana, napempha kuti malowo asadzauze munthu aliyense wa ku Yell, ngakhale iye amene.

Ali pamzere wodikira sitima yobwerera, foni inalira. Anali Lowrie. Anati alendo alongedza asamukira kwina, chala amusoka, nanga mtembo uja autani?

"Ukumbe dzenje kugombe, pamwamba pa una."

"Nthaka yauma ngati mwala, achemwali. Komanso dzanja langa ndi limodzi."

"Ukumba ndi lomwelo," anatero Osla, nathimitsa foni.