Mbande Yomangidwa ndi Mpango

Mpeni unali kale pa mbande yachisanu pamene Zaituni anasuzumira pawindo.

Kuseri kwa nyumba yawo ku Chinsapo, mlamu wake Che Bwanali anali atanjuta pakati pa machubu akuda a mbande za mango. Panali patadutsa masiku khumi chiikireni m'manda mwamuna wa Zaituni, Che Yakubu, mwini nazale imeneyi. Che Bwanali, amene anabwerera maliro, anadzipatsa okha ntchito yokonza mbandezo kuti akazigulitse ku Mchesi mvula isanagwe. Mtima wabwino anali nawo ndithu, koma anali telala, ndipo telala ndi mitengo wapi ndi wapi! Pa mbande iliyonse ankapezapo nthambi ziwiri, ina yonenepa yophukira m'munsi, ina yonyozoloka yokulungidwa kapulasitiki pamwamba. Iwo ankadula yonyozolokayo n'kuiponya kumbali.

Zaka makumi awiri Zaituni ankayesa kuti zoyankhula za mwamuna wake zinkangomudutsa m'makutu, koma lero zinabwera zonse. "Cham'munsichi ndi chitsa chabe, mango aulusi aja. Chapamwambachi ndiye chomezanitsa, mtengo weniweniwo."

Ndipo imodzi mwa mbande zimenezo sinali yogulitsa. Mtengo wa mango wa malemu mayi ake a Zaituni ku Namwera unagwetsedwa kuti awotchere njerwa. Che Yakubu atamva kuti udulidwa anakwera basi, n'kubwerako ndi kanthambi kamodzi m'nsalu yonyowa. "Ndakumezanitsirani, ndikuonetsani ikagwira," anatero. Anamwalira asanamuonetse.

"Azakhali, akuwononga," ananong'ona Zaituni.

Azakhali ake, a Fatu, anali pamkeka chopingasa pakhomo. Anabwera kudzamuyang'anira pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene namfedwa amabindikira m'nyumba. Kwa iwo ngakhale kuseri kwa nyumba kunali kunja.

"Khala pansi, mwanawe. Za amuna zisiyire amuna."

"Koma akudula mitengo n'kusiya zitsa!"

"Ukufuna anthu anene kuti manda asanaume wayamba kale kukuwa pawindo?"

Kunja mpeni unkangolirabe kuti tswi, tswi. Zaituni anakhala pansi, anaimiriranso. Chipindacho anachiona kuchepa, malata akuwotcha pamutu, misozi ili chuchuchu. Anadana nalo khomolo, anadana nawo azakhali ake, ndipo kwa kanthawi anadananso ndi Che Yakubu chifukwa chofa ndi chinsinsi.

"Alamu!" Mawu anatuluka okha. "Alamu, siyani!"

A Fatu anagwira pakamwa. Che Bwanali anazungulira nyumba n'kuima patali ndi khomo, maso ali pansi.

"Kwagwanji, alamu? Ndikungochotsa zodwalazi, zamabalazi."

"Si mabala amenewo. Ndi pamene achimwene anu analumikiza. Mwadula zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Tolani zonse mubwere nazo."

Anabwera nazo m'manja ngati mwana amene waswa mbale, n'kuziika pakhonde. Zaituni anagwada, mawondo ali m'kati mwa nyumba, manja okha ali kunja. Tinthambi tonse tinali ndi pulasitiki yokha, kupatula kamodzi. Pamwamba pa pulasitiki yake panali patamangidwa kansalu kobiriwira. Anakazindikira. Unali mpango wake uja unasowa mwezi wathawu, umene anakalipira nawo nyumba yonse, Che Yakubu ali phee kumwa tiyi.

"Mayo ine," anatero a Fatu chapansipansi, atamva kuti nthambiyo inachokera kuti. Mtengowo nawonso anaudya ali mtsikana.

"Kakadali kakuwisi," anatero Zaituni. "Bweretsani chubu chimodzi ndi mpeniwo."

Che Bwanali anayang'ana a Fatu. A Fatu anasuntha mkeka wawo.

Pomwepo pakhomo, Zaituni anadula chitsa, n'kuching'amba pang'ono pakati. Anasongola kanthambi mbali ziwiri, anakalowetsa, anakulunga pulasitiki, n'kumanganso kansalu kaja. Manja ake ankadziwa zimene mwini wake sanaphunzirepo. Ngati igwire kapena ayi, zimenezo anali woti adzazione patapita masabata atatu, ali pawindo lomwe lija.

Atamaliza anawerama, n'kuinong'oneza mbandeyo monga ankachitira Che Yakubu ndi iliyonse.

"Bisimila. Mwakumana muli achilendo, koma mugwirane. Musakangane."

Che Bwanali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mawu amenewo mkulu wawoyo anawauzanso iwo ndi mkazi wawo tsiku la ukwati wawo.