Lole Inasanza Sopo

Moni inu amene mukuwerenga, mtendere ukhale pakhomo panu. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, amene salankhula pa guwa pokha, koma ngakhale pansi pa galimoto yakutha.

Bambo Yotamu Chiwaya, makaniko wa ku Biwi mu Lilongwe, analota masana dzuwa lili paliwombo, atagona chagada pa katoni pansi pa lole ya dizilo. Loleyo inali yakalekale, ya mkulu wina wa mpingo. Mawa lake inayenera kunyamula amayi a Mvano makumi anayi, pamodzi ndi akazi awo a Chiwaya, a Nangondo, kupita ku msonkhano ku Golomoti kudzera pa mtsetse wa Khwekhwerere. Koma inkadontha oyilo, ndipo lole ikauma oyilo pa mtsetse umenewo injini imazima, mabuleki n'kutsatira. A Chiwaya anachita ulesi kufufuza. Anatenga sopo wochapira, anamufewetsa ndi malovu, anamata kunsi kwa injini pomwe pankadontha, anawazapo fumbi kuti pasaoneke, n'kuimbira mwini wake foni: "Yatha, abwana, mawa iuluka." Kenako tulo tinawaba.

Dontho loyamba linawagwera pamlomo. Linali lofunda, lonunkha ngati dzira lovunda. Atati alavule, malovu anatuluka akuda. Bawuti la kunsi linadzimasula lokha, bowo linakula ngati khomo la chimbudzi, ndipo lole inati:

"Lowani, Bambo Chiwaya. Mwakhala mukundigwira kunja kokha."

Analowa monga mneneri uja analowera m'mimba mwa chinsomba. M'katimo munali mtsinje wa oyilo, wolemera ngati phala lozizira, wolekeza m'maondo. Pamwamba pake pankayandama zonse zimene anamatapo m'magalimoto a anthu zaka makumi awiri: sopo wotupa, majumbo, chingamu chotafuna kale, mphira wa patapata, nsanza za kabudula wamkati. M'sopomo munali mphutsi zonenepa, ndipo mphutsizo zinkawadziwa. Akamadutsa zinkadzutsa mitu mwaulemu. Anasanza, ndipo m'kamwa munatuluka mawu aja akuti "Yatha, abwana", atamera miyendo ngati mphemvu, n'kuthawira m'ming'alu.

Kutsidya kunali mabenchi a tchalitchi. Amayi a Mvano anali atakhala mwadongosolo, mabulauzi oyera, maduku oyera, akuyimba mosathamanga nyimbo ya ulendo wa kumwamba. Mabenchiwo ankatsetsereka pang'onopang'ono. Oyilo anali atawafika m'chiuno, akukwera m'nsalu. Ndime ikatha, mayi wa kumapeto ankamira, otsalawo n'kusendera. A Nangondo anali achisanu kuchokera kumapetoko.

"A Nangondo, tulukanimo!"

"Titulukirenji, bambo? Si munati yatha?" anayankha osachotsa maso m'buku.

Pa mwala wina panakhala atsibweni awo, a Gwaza, amene anawaphunzitsa kugwira sipanala, amenenso anamwalira zaka khumi zapitazo. Anavala ovolosi yoyera mbee, atatseka mphuno ndi mpango.

"Mphwanga, ukununkha."

"Ndi oyiloyu, atsibweni."

"Oyilo ndamununkhiza moyo wanga wonse, sanunkha chonchi. Ndi iweyo. Ngakhale kumanda komwe ndachokeraku kumapitako kamphepo."

"Ndinamata pomwe pamadontha."

"Denga likamadontha umazira pansi? Oyilo amatsika, sakwera. Pomwe wagwera si pomwe wachokera. Tsuka."

Anawapatsa beseni la palafini ndi burashi. A Chiwaya anatsuka khoma la injini. Litsiro linkachoka zibumazibuma ngati nkhanambo za chilonda chakale, ndipo pansi pa nkhanambo iliyonse panali mafinya akuda. Zina zinawagwera m'khosi mwa malaya n'kutsikira kumsana, zikuyendayenda. Ndime inatha. Mayi mmodzi anamira, duku lokha n'kutsala pamwamba.

Khoma litauma, a Gwaza anavula chipewa. Chinali chodzaza ufa woyera.

"Waza."

A Chiwaya anabisa manja kumbuyo. "Ine ndine Mkhristu, atsibweni. Sindithira nsembe ya ufa."

"Akufuna nsembe yako ndani? Ine ndinafa ndili dikoni, iwe ukadali kudumphadumpha kalasi ya ubatizo. Ufawu ndi mboni. Chakuda sichibisala pa choyera. Waiwala zonse?"

Anawaza mpaka injini yonse inayera ngati mtanda wa buledi. Injini inadziliza yokha, ikutsokomola utsi wonunkha tsitsi lopserera. Anadikira. Ndime ina inatha, ndi inanso. Pamenepo pa ufa paja panaoneka kamzere kakuda, kowonda ngati ulusi. Sikanayambire pa sopo ayi. Kanachokera pamwamba.

A Chiwaya anakatsatira chokwawa, manja akuterera. Anadutsa pomwe anamata, anakwera makwerero a chitsulo aatali kuposa nsanja ya belu, mpaka kuseri komwe kapaipi ka oyilo kamalowa m'injini. Pamenepo panali bawuti, ndipo pansi pa bawutilo panali kawashala ka kopa, kamphete kotsekera oyilo, kophwatalala, kakulira misozi yakuda.

"Munandibwezerapo kachitatu osandiwotcha, Bambo Chiwaya," kanatero kawashala. "Ndauma. Sindingatsekenso kanthu."

Anakumbukira. Lamulo la a Gwaza linali lakuti kawashala kakale ukafuna kukabwezera, uyambe wakawotcha mpaka kafiire, ukaponye m'madzi, kafewe, ndipo kadzagwira ngati katsopano. Mwezi wathawo a Chiwaya anamasula kapaipiko, koma kuyatsa mbaula anaona ngati kutaya nthawi.

Anamasula bawuti, anachotsa kawashala, anayang'ana uku ndi uku. Panalibe mbaula, panalibe khala. Pansi patali paja ndime ina inatha. A Nangondo anasendera kumapeto kwa benchi, oyilo ali m'chibwano, buku atalinyamula pamwamba kuti lisade.

"Atsibweni, moto!"

"Moto muno ulimo umodzi wokha," anatero a Gwaza, amene tsopano anali ataima pambali pawo. "Kachiwalo kakang'ono kaja kamene kamayatsa nkhalango. Tulutsa lilime."

Anatulutsa. Lilimelo linali lokutidwa ndi sopo wotuwa, wathovu, tizidutswa ta mphutsi titamatirira. A Gwaza anayang'ana kumbali, anaikapo kawashala ndi pulayazi.

"Moto umafuna kuuzira. Nena."

"Ndinene chiyani?"

"Chomwe chilipo."

Amayi anayamba ndime yomaliza. A Chiwaya anayesa kunena kuti nthawi inali yochepa, kawashala kanangoti zii, kozizira. Anayesa kunena kuti loleyo ndi yakale, sopo anachita thovu mpaka m'mphuno. Pomaliza anati:

"Sinathe. Ndinamata sopo."

Kawashala kanafiira psuu. Sopo anawira, anapserera, fungo lake ngati la galu wofera m'ngalande. Ululu unawalowa mpaka m'mano. Analavulira kawashala m'chipewa cha a Gwaza, chomwe tsopano chinali ndi madzi oyera, ndipo kanalira tsiii. Anakabwezera, analowetsa bawuti, anaika sipanala. Pansi paja panatsala mzere umodzi wa nyimbo, ndi dzanja limodzi lonyamula buku. Anakoka sipanala.

Anadzidzimuka ali pa katoni. Pamlomo panali dontho lenileni. Pamwamba pa nkhope yawo sopo uja anali atafewa, akulendewera ngati mamina. Pambali pa tayala panaima mapazi omwe ankawadziwa.

"Bambo, mukugona pantchito?" anatero a Nangondo akuwerama. "Amayi anzanga andituma ndidzamve. Akuti yatha eti?"

A Chiwaya anatuluka chokhwekhwereza, analavula katatu, anapukuta pakamwa.

"Sinathe, a Nangondo. Ndinanama. Ndinangomata sopo."

Mayiwo anaweramuka n'kugwira m'chiuno.

"Sopo wake uti? Uja ndamufuna m'mawa wonse kuti ndichapire bulauzi?"

"Yemweyo."

"Ndiye mumati amayi makumi anayi tikatsike Khwekhwerere titakwera pa sopo wanga? Aa, bambo, mwandinyansa."

"Inenso ndadzinyansa. Bwererani kunyumba, mukanditengere ufa woyera mbale imodzi, ndi mbaula. Ine ndiyambe ndaimbira mwini lole."

Pofika madzulo kamzere kakuda kanaoneka pa ufa, kochokera kuseri komwe kuja. Anachotsa kawashala, anakawotcha pa mbaula, n'kukabwezera. Katoni yatsopano imene anayala pansi inacha youma. Koma a Chiwaya anatha masiku atatu akumwa phala lokhalokha, chifukwa pakati pa lilime panali chilonda chozungulira, chokhala ndi kabowo pakati.

Ambuye akudalitseni inu amene mwawerenga. Akutsukeni pomwe inu mukanangomata, akuonetseni pomwe dontho likuchokera, ndipo onse amene mwawanyamula akatsike mtsetse ali amoyo, zovala zawo zili zoyera. Ameni.