Molekyulu Yonenepa

"Paudala wa mwana wanga! M'beseni losambitsira mwana wanga! Iwe, mutu ukuyenda koma?"

Achemwali anaima pakhomo, mwana kumsana, thaulo paphewa. Mng'ono wawo, amene chiyambireni kosi ya uphunzitsi aliyense ankangomuti Pulofesa, sanadzutse n'komwe mutu. Anali chogwada pafupi ndi mashini osokera, maso pa foni.

"Asisi plizi, musagwedeze madzi. Mawa supavaiza akubwera kudzandionerera ndikuphunzitsa. Ndikalakwitsa pulakitiko iyi basi, ndibwereza chaka."

Pa pepala zinali zophweka. Umawaza paudala pamadzi, n'kugwetsapo kadontho ka mafuta ndi nsonga ya singano. Mafutawo amayala n'kupanga bwalo, kukankha paudala, mpaka kupyapyala kufika pa molekyulu imodzi. Ukayeza bwalolo, masamu amakuuza kukula kwa molekyuluyo. Buku limati mananomita awiri. Iye katatu konse kalikuleta inkamupatsa mananomita satini.

"Nanomitayo n'chiyaninso?" anafunsa alamu ake atelala, mapini ali kukamwa. Ndiwo ankamuyezera bwalolo ndi tepi yawo.

"Tengani milimita imodzi, muiduledule ka miliyoni."

"Ee! Ndiye molekyulu yanu yanenepa, alamu. Ikudya bwino pakhomo pano ngati mwini wake."

"Alamu, ndili siriyasi."

"Makasitomala anga onse amatero. Akanenepa amati tepi yanama."

Achemwali anaseka mosafuna. Pulofesa ayi. M'maso mwake ankaona kale ana fifite akumuyang'ana, supavaiza ali kumbuyo akungolemba, akungolemba.

"Mwati bwalo ndi zingati?" anafunsa atelala aja.

"Thwelofu. Kachinayi kano ndikunena."

Pulofesa anayang'ana bwalo lija. Linatsala pang'ono kudzaza beseni. Anagoneka foni m'mwamba mwake osakhudza madzi: bwalo linkameza mafoni awiri. Masentimita thwelofu ake ati?

"Tatembenuzani tepiyo."

"Mbali iyo sindiigwiritsa ntchito. Zaka twente ndikusoka, onani, manambala ake akadali atsopano."

"Alamu! Tsiku lonseli mwakhala mukundipatsa mainchesi?"

"Nanga munthu amayezedwa ndi chiyani?"

"Ichi si chiuno cha kasitomala!"

Anawalanda tepi, n'kuyeza yekha. Masentimita sate ndi kapang'ono. Zala zinathamanga pa foni, analakwitsa, anafufuta, anayambanso. Kalikuleta inati thuu.

"Mananomita awiri! Asisi taonani, awiri!"

"Yaonda msanga bwanji," anatero atelala, akubweza tepi m'khosi. "Mundiuzeko dayeti yake, ndikagawire makasitomala."

Pulofesa anali atayamba kale kulemba m'foni zoti atenge mawa. Tepi, mbali ya masentimita. Singano. Mafuta. Paudala.

"Ndiye asisi, beseni ndipita nalo m'mawa, ndibweza masana."

Achemwali anawerama, mwana akulendewera kumsana, n'kunyamula beseni ndi molekyulu zake zomwe.

"Supavaiza wakoyo abwere ndi lake."

Anatuluka, madzi akutayikira pa simenti.